Atsibweni Nahipa ndi Mfuti Yomwe Sinalire

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene amasunga manja a anthu ake ngakhale pamene eni manjawo sakuwasamala. Ndimuyamika chifukwa cha mvula ya chaka chino ndi nandolo amene wacha bwino m'minda ya kuno ku Nazombe. Ndimuyamika chifukwa m'mawa uno ndaona amuna anga, a Dayisoni, akusema mpini wa khasu, dzanja lamanja litagwira kasemasema, lamanzere litagwira mtengo, zala zonse zili zokwanira. Ndimuyamikanso chifukwa cha moyo wa atsibweni anga, a Nahipa, mlongo wa amayi anga, amene mwezi uno akwanitsa chaka ali m'manda. Zala za amuna anga ndi moyo wa atsibweni ndi nkhani imodzi, ndipo ndiyo ndikufuna kuilemba ndisanayambe kuiwala.

A Nahipa sanali mlenje. Chibadwire changa sindinawaonepo akuwombera ngakhale njiwa. Anyani akatsika m'phiri kudzathyola chimanga, iwo ankawathamangitsa ndi miyala ndi kukuwa, monga wina aliyense. Koma kuyambira kwathu kuno mpaka m'midzi ya m'munsi mwa phiri la Michesi, munthu akasiyiridwa mfuti yakale ndi malemu, kapena akafuna kugula mfuti ya chifefe kwa mnzake, ankaikulunga m'chiguduli, kuimangirira panjinga, n'kubwera nayo pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo. Funso loyamba linali la chiphaso. Wopanda pepala la kupolisi ankamupatsa madzi akumwa n'kumuuza kuti chingwe cha katunduyo asachimasule n'komwe.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata, pa esiteti ya fodya ya m'mbali mwa phiri, kumene ankapukuta mfuti za mzungu. Kuwerenga anadzakuphunzira atakula kale, pofuna kudziwerengera okha Malemba. Koma tizidindo tating'ono tomwe osula amadinda kunsi kwa mpope wa mfuti, tachisoti cha mfumu ndi tazilembo, ankatidziwa asanadziwe kulemba dzina lawo. Ankayendetsa chala pamenepo n'kukuuza kuti iyi inasulidwa dziko lakuti, inayesedwa ndi onga wakale, agogo ako asanabadwe.

Ankayamba ndi kusamba m'manja. Kenako mfutiyo ankaigawa patatu, mbali zamtengo n'kupatsira mwini wake kuti agwire, iwo n'kutsala ndi mipope yokha. Panthambi ya mango panali waya wopindika ngati mbedza. Ankakoleka mipopeyo pamenepo kuti ilendewere yosakhudza kanthu, n'kudikira mpaka aliyense atakhala chete. Nkhuku zinkapirikitsidwa. Wosinja ankaimika munsi. Ndiye ankaigogoda kamodzi ndi chogwirira cha supuni yakale yomwe inkakhala m'thumba la jekete lawo. Mpope wamoyo, ankatero, umalira ngati belu, ndipo kulira kwake kumachedwa kutha. Wakufa umangoti phwa, ngati mbiya yong'aluka. Akatha kumvetsera ankaloza mpopewo kumwamba n'kusuzumira mkati nthawi yaitali, diso limodzi litatsinzina, mpaka mwini mfuti ayambe kutekeseka pampando.

Mipope yambiri yomwe inkabwera inali yosalala, yoboola m'chitsulo chimodzi. Imeneyo ankaiyesa mwamsanga. Mfuti za gogodela zosulidwa m'midzi ndi mapaipi a madzi sankazilola n'komwe kufika pawaya. Mtima wawo unali pa mpope womwe ankautchula kuti wopota. Ankafotokoza kuti osula akale ankatenga timizere ta zitsulo ziwiri, cholimba ndi chofewa, kutipota ngati chingwe, kutikulunga kuzungulira ndodo, n'kumenya ndi nyundo pamoto mpaka zonse zigwirane. N'chifukwa chake mpope wotere umakhala ndi maluwa, timizere tozungulirazungulira ngati ta pa nsonga ya chala cha munthu. Wotere akafika pakhomo, atsibweni ankaiwala kuti kumunda kukuwadikira. Koma pomwe ankaukonda m'pomwenso ankauopa. Paliponse pamene zitsulo ziwirizo zinakumana, ankati, pali msoko, ndipo dzimbiri limayenda m'msoko mwakachetechete, kunja kukali kokongola. Onga wakale wakuda unkakankha pang'onopang'ono ngati ng'ombe yapangolo. Wa m'zipolopolo zamakono umamenya kamodzi ngati nyundo. Mpope wopota unabadwira woyambawo.

Panalinso mipope yachinyengo, yosalala koma yojambulidwa maluwa pamwamba kuti igulidwe modula. Pofuna kusiyanitsa, ankathyola ndimu mumtengo wa kuseri kwa khitchini, kupala kamalo kakang'ono ngati njere ya nyemba kunsi kobisika, n'kudonthezapo madzi ake. Ukakhala wopota weniweni, maluwa ankabwerera pang'onopang'ono pamalo opalidwawo, chifukwa ali mpaka mkati. Ukakhala wojambula, pankangotsala poyera. Mphunzitsi wina wopuma pantchito anabwera ndi yotere, atauza kale mudzi wonse kuti mfuti yake ingagule ng'ombe zitatu. Atsibweni anamuuza kuti ingagule nkhumba imodzi yowonda. Munthuyo anachoka osatsanzika. Ine nthawi zambiri ndikagwada kupemphera ndimakumbukira ndimu lija, ndipo ndimadzifunsa kuti Ambuye akandipala pobisika, chidzabwerere n'chiyani.

Malipiro sankalandira, kupatula wina akawabweretsera kalongonda wophika bwino, amene sankatha kumukana. Koma anali ndi lamulo limodzi lomwe linawadanitsa ndi anthu ambiri. Mfuti akaiweruza kuti siyeneranso kulira, ankachotsa timisomali take, tija timagogoda chipolopolo kuti chiphulike, n'kutiponya m'chitini cha mkaka waufa chomwe chinkakhala pansi pa bedi lawo. Izi ankanena poyambirira, chingwe chisanamasulidwe, kuti wosafuna abwerere. Ambiri ankavomera poganiza kuti yawo ipambana, n'kudzakwiya pambuyo pake. Wina anawatengera kubwalo. Iwo anapita, anamvetsera zonse, anapepesa chifukwa cha mawu awo owawa, koma timisomali sanabweze.

Ngakhale kumpingo nkhani inalipo. Akulu ena ankati sikoyenera kuti munthu wogawa nawo mgonero azigwiragwira zida zophera. Pamsonkhano wina atsibweni anaimirira n'kufunsa kuti mwa onse amene anali m'chipindamo, ndani anachotsapo mfuti m'manja mwa munthu. Iwo anali atachotsa zambiri, ndipo ankafuna kupitiriza mpaka Mwini ntchito awaitane. Nkhaniyo sinathe tsiku limenelo, ndipo kunena zoona sinatheretu mpaka imfa yawo.

Nanenso ndinakanganapo nawo. M'nyumba mwathu muli chifefe cha mipope iwiri yopota, chokhala ndi makutu awiri kumbuyo ochita kukoka ndi chala. Kabweredwe kake ndifotokoza posachedwa. Chaka china tinamva kuti kukubwera munthu wa ku Blantyre wogula zinthu zakale. Ine poona mipopeyo ili yofiirira ngati dothi, manyazi anandigwira kuti mlendo aganiza kuti m'nyumba muno mulibe mkazi. Ndinatenga mchenga ndi phulusa monga ndichitira ndi mapoto, n'kukhala pakhonde. Ndinali nditakwecha malo otalika ngati chala pamene mthunzi unandiphimba.

"Elube, ukuphikamo chiyani m'menemo?"

"Ndikuyeretsa, atsibweni. Yachita dzimbiri."

"Limenelo si dzimbiri. Ndi imvi zake. Ukakalamba tidzakukwechenso ndi mchenga kuti alendo akuone bwino?"

Ndinawayankha kuti ukhondo sunaphepo munthu. Anandilanda mfutiyo, ndipo sabata yathunthu sanadye chakudya changa. Pambuyo pake m'pamene anandifotokozera kuti ogula zakale amagula kufiirako, ndipo mpope wowalitsidwa ndi mchenga umataya theka la mtengo wake. Chipsera cha mchenga wanga chilipo mpaka lero.

Wogula uja anabweradi, pagalimoto yoyera. Anaitembenuza mfutiyo, anapeza kuti ilibe timisomali, anamva kuti mpope umodzi ndi wowonongeka, ndiye anati ndi chitsulo chabe, atithandiza potichotsera. Atsibweni anali atakhala pambali, akusenda chinangwa.

"Achimwene, petulo watsika mtengo ku Blantyre?"

"Ayi, bambo. Bwanji?"

"Ndimadabwa kuti mwamuwotcha kuchokera kumeneko kudzatola chitsulo chabe. Tembenuzani kunsiko muwerenge zidindo. Mukalephera ndikuwerengerani."

Munthuyo anaseka, n'kutchula mtengo wina wosiyana kwambiri ndi woyamba uja. Atsibweni anauza amuna anga kuti mfutiyo ili ndi mitengo iwiri: ngati yowombera siposa ndodo, koma ngati yoyang'ana ingafolere nyumba ndi malata, ndipo kusankha n'kwa mwini wake. A Dayisoni anasankha kusagulitsa. Anati chinthu chomwe chinatsala pang'ono kuwadya dzanja akufuna azichiona tsiku lililonse.

Tsopano ndifike pa tsiku lenilenilo. Papita zaka zoposa khumi. Unali mwezi wotentha, mvula isanagwe, pamene a Khombe, atsibweni a amuna anga, anamwalira kumudzi kwawo m'munsi mwa phiri. A Khombe anali mlenje wodziwika, amene anapha nguluwe zambiri zowononga chinangwa cha anthu. Chifefe chija chinali chawo. Zipolopolo zakale zitawathera, anachisomeka kudenga la udzu, kumene chinakhala zaka zambiri, mvula ikudontha. Atsibweni anga, a Nahipa, anawapemphapo kawiri kuti achione, koma a Khombe ankati mfuti yawo siyendera kwa sing'anga.

Kubanja limenelo kuli mwambo wakuti mlenje akamatuluka m'nyumba komaliza, mfuti yake ilire kamodzi, phiri limve kuti wapita. Woliza amakhala wolowa m'malo mwake, mwana wa mlongo wake. Ameneyo anali a Dayisoni. Woyendetsa zonse anali a Likaka, mng'ono wa malemu, munthu wamtali wosazolowera kubwezedwa mawu. Iwo anali atatuma munthu ku Boma kukafuna zipolopolo ziwiri zofiira, zamakono.

Ife a kuchikazi tinapita monga apongozi, kukalira ndi kukathandiza kuphika. Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha. Bokosi linali litakhomedwa. Ndinaona a Likaka akutuluka ndi mfuti n'kuipereka kwa amuna anga, ndipo nthawi yomweyo ndinaona atsibweni anga akudzuka pakati pa amuna, akukutumula fumbi pathalauza. Kayendedwe kameneko ndinkakadziwa.

"Asewele," anatero kwa a Likaka, monga amaitanirana akuluakulu a mabanja okwatirana, "pepani ndi zovutazi. Ndiione kaye isanalire."

"Mwabwera kudzalira kapena kudzagwira ntchito?"

"Zonse ziwiri."

A Dayisoni, mwaulemu wa mkamwini, anangopereka. Atsibweni anaigawa mfutiyo, kuchotsa lamba wa thalauza lawo, kukolekapo mipope, n'kutulutsa supuni ija. Ngakhale ine ndili kumoto ndinamva kuti kulirako sikunapite patali. Anasuzumira mkati, n'kupukusa mutu.

"Iyi silira lero. Siliranso."

"Makutu anu anakalamba, a Nahipa," anatero a Likaka. "Mfuti imeneyi yadyetsa mudzi uno inu mukupukuta nsapato za azungu. Bweretsani."

Atsibweni anakhala pansi pafumbi pomwepo, pakati pa bwalo, mipope ili pakati pa mawondo awo. Anati popeza makutu awo akanidwa, aitana maso a anthu onse. Anapempha palafini wa munyali ndi zitsononkho ziwiri. Panalibe amene anasuntha, mpaka mayi wina wokalamba, mlongo wa malemu, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo. Atsibweni anasema zitsononkhozo, kutseka nazo mipope kunsi molimba, kuthira palafini mpaka kudzaza, n'kupukuta kunja konse ndi malaya awo. Anati palafini amapeza njira pomwe diso silipeza. Ngati mpope uli wamoyo, kunja kukhala kouma, ndipo iwo apepesa pamaso pa onse.

Ndiye tinayamba kudikira. Amayi oimba anamaliza nyimbo, n'kuyamba ina. Mlaliki ankayang'ana dzuwa. Mmodzi mwa adzukulu anabwera kuchokera kumanda, matope ali m'miyendo, kudzafunsa ngati tasintha maganizo oika maliro. Kutentha kunali koopsa, ndipo aliyense ankadziwa chimene kutentha kumachita ndi mtembo. Mipope inali youma.

"Mukudziwa kuti uwu ndi mlandu?" anatero a Likaka. "Kusunga m'bale wanga m'kutentha kuno chifukwa cha masewera anu. Mudzalipa mbuzi."

"Mbuzi ndili nayo, asewele. Dzanja lopatsa munthu ndilibe."

Anthu ena anayamba kung'ung'udza kuti nkhalambayi ikufuna kunyozetsa mfutiyo kuti idzaitenge mwaulere. Wina anati a kuchikazi akufuna kulamulira ndi maliro omwe. Amuna anga anapirira mpaka pomwe anathera. Anapita n'kugwada pafupi ndi atsibweni, akulankhula motsitsa, koma ine ndinali nditayandikira ndipo ndinamva.

"Atsibweni, mukundichititsa manyazi pakati pa abale anga. Kwanu ndine mkamwini, ndimamvera zonse. Kuno ndi kwathu."

"Kwanu ndi kuno, akamwini, sindikukana. Koma dzanjalo limalima kwathu."

A Dayisoni anagwira mipopeyo kuti aikoke. Atsibweni sanalimbane nawo, koma sanatayenso. Anangoti, ali chiyang'anire pansi, ngati akufuna kuitenga ayambe athyola zala za nkhalamba, popeza zala ndi zomwe zatchipa lero. Ndinawamva akutchula Mulungu m'chilankhulo cha amayi awo, Muluku, monga ankachitira zinthu zikafika povuta.

Apa m'pamene ndinachita chinthu chomwe sindinkadziwa kuti ndingachite. Chitsulocho chinali chofiirira, ndipo ndinaganiza kuti ngakhale palafini atatuluka pang'ono, dzuwa limuumitsa tisanamuone. Ndinavula mpango woyera wa amayi a mpingo womwe unali kumutu kwanga, kudutsa pakati pa amuna ndili mutu wosavala, pamudzi wa apongozi, n'kugwada kuupereka kwa atsibweni. Ndinamva mkazi wina akuti, "Taonani mwana wa mfitiyo." Amuna anga sanandiyang'ane. Ndinkadziwa kuti mpangowo ukatuluka woyera, banja langa likhala ndi bala lomwe mwina silidzapola. Ndinapemphera mawu ochepa kwambiri: Ambuye, ngati muli chobisika, chiululeni.

Atsibweni anakulunga mipope ndi mpangowo n'kumanga ndi luzi. Nyimbo ina inatha. Itayamba yachiwiri, mayi wokalamba uja, amene anali atakhala pafupi, analoza ndi chala. Pampangopo panali kadontho ngati ka thukuta. Tikuyang'ana, kanakula, n'kutalika mokhotakhota kutsata maluwa a chitsulo chomwe chinali pansi pake, mpaka kanafanana ndi tsamba la nandolo.

Atsibweni anakhuthulira palafini m'botolo, kulumikiza mfutiyo, mpango uli pomwepo, n'kuipereka kwa amuna anga yopanda chipolopolo.

"Gwirani monga mukanagwirira."

A Dayisoni anaika mtengo paphewa, n'kutambasula dzanja lamanzere kuti achirikize mipope. Chikhatho chawo chinaphimba banga lija ndendende. Anakhala choncho kanthawi. Kenako anatsitsa mfutiyo pang'onopang'ono, kununkhiza chikhatho chawo, n'kukhala pansi pafumbi pambali pa atsibweni. Timisomali anachita kupereka okha.

A Khombe anatuluka m'nyumba mwawo ndi nyimbo yokha. Phiri silinamve kanthu tsiku limenelo, ndipo abale ena mpaka lero amati mlenje anapita ngati mlimi wamba.

Mlandu unakambidwa ndithu patatha masiku. A Likaka anati zakuti mpope unali woola avomera, koma mtembo unadikira m'kutentha, ndipo wouchedwetsa anali mlendo. Ambiri kwathu ankati atsibweni akane. Iwo anati chiweruzocho n'cholungama, popeza anachedwetsadi maliro a eni ake. Anasankha mbuzi yaikazi yonenepa kuposa zonse, kuimanga chingwe, n'kuyenda nayo okha wapansi mpaka kumudziko. Kuyambira pamenepo a Likaka sanawapatsenso moni. Akakumana pamsika ku Boma, ankayang'ana tomato.

Chomwe chinkawalimbitsa mtima chotere ndinadzachidziwa mochedwa, m'matenda awo omaliza. Tinali titabwera nawo kuchokera kuchipatala, ndipo masana ankakonda kugona pamphasa pansi pa mango. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala anandifunsa ngati amayi anandiuzapo za Labisoni. Ndinkangodziwa kuti anali mng'ono wa atsibweni amene anamwalira pangozi ine ndisanabadwe.

Anandiuza kuti nthawi imeneyo anali atangoyamba kutchuka pa esiteti, ndipo ankadziona ngati wodziwa zonse. Labisoni anagula mfuti yakale kwa munthu wa kutsidya kwa malire, n'kubwera nayo mokondwa kuti akulu ake aione. Tsikulo kunali gule wa tchopa kumudzi woyandikana nawo, ng'oma zinali zitayamba kale, ndipo atsibweni anali atavala zovinira. Anayang'ana kunja kokha, anaona maluwa okongola, n'kunena kuti ndi mfuti ya mabwana, akasangalale nayo. Sanaikoleke. Sanasuzumire. Patapita masiku atatu inaphulika m'manja mwa Labisoni kumunda wa chinangwa. Bala linaola, ndipo sabata isanathe anamwalira.

"Sanandidzudzule, Elube. Ankangoti, achimwene, inali yokongola eti? Ndikanakonda akananditukwana."

Anati kuyambira pamenepo sanavinenso, sanawombenso, ndipo analonjeza pamaso pa Mulungu kuti mfuti iliyonse yofika m'manja mwawo adzaipatsa nthawi yomwe anamana mng'ono wawo. Ndinawakumbutsa kuti mwazi wa Ambuye unatsuka kale zimenezo. Anavomera ndi mutu, n'kunena kuti kukhululukidwa anakhululukidwa kalekale, koma wokhululukidwa ndiye amagwira ntchito.

Pamaliro awo sipanalire mfuti. Mwambo uli mkati tinaona munthu wamtali, wowerama ndi ukalamba, akubwera ndi ndodo, mdzukulu wake wamkazi akukoka mbuzi kumbuyo. Anali a Likaka. Sanapemphe mpata wolankhula. Anapereka chingwe kwa amuna anga n'kunena kuti, "Mdzukulu wa mbuzi ija," basi, n'kukakhala kumbuyo kwa anthu.

Posesa m'nyumba tinapeza chitini chija pansi pa bedi. N'cholemera kuposa momwe chimaonekera. Sindinawerenge timisomali tomwe tili m'menemo, ndipo palibe amene angadziwenso kuti aka n'ka mfuti ya yani. Ndikachigwedeza ndimaganiza za amuna a m'midzi yonseyi amene akumanga mitolo ya fodya, kupalasa njinga ndi kunyamula adzukulu awo, ena mwa iwo akadali okwiya.

Pakhomo pawo tsopano pali zii. Waya uja akadali panthambi ya mango, ndipo khungwa layamba kumumeza pomwe anapindidwira. Pansi pake pali malo osalala pomwe mpando wawo unkakhala, udzu sunamerepo bwino. Mandimu akugwa okha kuseri kwa khitchini n'kuolera pansi. Supuni ili m'jekete, jekete lili pamsomali. Mwezi watha kunabwera bambo wina wochokera kutali, chiguduli chili panjinga, asanamve kuti mwini waya anapita. Amuna anga anakoleka mipope yake n'kugogoda monga ankaonera, kawiri, katatu. Kenako anamuuza chilungamo, kuti khutu limenelo iwo alibe, ndipo asaiwombe mpaka atapeza wodziwa. Munthuyo anamwa madzi, anamanganso katundu wake, n'kukwera njinga. Sitikudziwa chomwe anachita. Dzanja lake lamanzere ndimalitchula m'mapemphero anga m'mawa uliwonse.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu wa mtendere asunge manja anu ndi manja a ana anu. Pamene chinthu chokongola kunja chili pafupi kukuphulikirani, akutumizireni munthu wouma khosi amene adzakhale pansi pafumbi n'kukana kutaya. Ndipo ikadzafika nthawi yakuti munthu ameneyo mukhale inuyo, akupatseni mphamvu yodikira padzuwa mpaka chobisika chioneke. Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse. Ameni.